Golide Akafiira: Chiyambi cha Nanochemistry ndi Malo Amene Timakumana Nayo

Kamzere kofiira kamene kamatuluka pa kachipangizo koyezera malungo, mimba kapena COVID-19 nthawi zambiri kamakhala ka golide. Ndi golide weniweni, yemwe uja wa mphete, koma wogawidwa m'timibulu tating'ono kwambiri moti chikasu chake chonyezimira chatha, wasanduka wofiira ngati vinyo. Sanamuthire utoto uliwonse, ndipo maatomu ake ndi omwe aja. Chasintha ndi kukula kwa kambulu kalikonse basi.

Nanochemistry yagona pamenepo. Ndi luso lopanga timibulu ta zinthu pa msinkhu wa pakati pa nanomita imodzi ndi mananomita 100, kutisunga kuti tisawundane, ndi kugwiritsa ntchito makhalidwe atsopano amene zinthu zimaonetsa zikachepa chonchi. Nanomita imodzi mumaipeza mukagawa mita imodzi m'zigawo 1,000,000,000 n'kutengapo chimodzi. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa mananomita pafupifupi 80,000. Selo lofiira la m'magazi ndi mananomita pafupifupi 7,000. Ulusi wa DNA ndi mananomita awiri m'lifupi, ndipo atomu imodzi ya golide sikwana n'komwe theka la nanomita. Chikhadabo chanu chimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi iliyonse, ndiye pamene mumawerenga ndime ino chatalikako mananomita makumi angapo.

Khungu ndiye mwini nkhani

Tengani kabokosi ka chitsulo kotalika sentimita imodzi mbali zonse. Kali ndi nkhope zisanu ndi imodzi, ndipo malo onse akunja kwake ndi masikweya sentimita 6. Kaduleni m'timabokosi ta milimita imodzi: mupeza timabokosi 1,000, ndipo malo akunja afika masikweya sentimita 60. Pitirizani kudula mpaka kabokosi kalikonse katsale mananomita 10, malo akunja afika masikweya mita 600. Mukafika pa nanomita imodzi akwana masikweya mita 6,000. Sikelo ikuwerengabe kulemera komwe kuja, koma khungu la chitsulocho lachuluka kuwirikiza ka 10,000,000.

Izi n'zofunika chifukwa zochitika za kemisitile za chinthu cholimba zimachitikira pakhungu. Atomu imene ili m'kati mwa chitsulo yazunguliridwa ndi inzake mbali zonse, ilibe dzanja lotsala logwirira china. Atomu ya pakhungu ili ndi mbali yosagwiridwa, ndipo ndi imeneyo imene imakoka mpweya, madzi kapena molekyu (kagulu ka maatomu omangana) iliyonse yodutsa. Mu mphete ya golide maatomu a pakhungu ndi ochepa moti sawerengedwa. Mu kambulu ka mananomita 10 amakwana pakati pa 10 ndi 20 pa 100 alionse. Mu kambulu ka mananomita awiri amaposa theka.

Zotsatira zake zimadabwitsa ngakhale amene anazolowera. Golide wamba amasungunuka pa madigiri Celsius 1,064, koma timibulu ta mananomita awiri kapena atatu timasungunuka pa kutentha kotsika ndi madigiri mazana angapo, popeza maatomu a pakhungu sanagwiridwe zolimba. Golide wamba sachita dzimbiri ndipo salowerera zochitika za zinthu zina. Komatu mu 1987 Masatake Haruta wa ku Japan anaonetsa kuti timibulu ta golide tosaposa mananomita 5, titakhazikidwa pa oxide wa chitsulo, timasandutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide kukhala carbon dioxide ngakhale pamalo pozizira kuposa madzi oundana.

Khungu lomwelo ndiye gwero la mavuto onse a ntchitoyi. Timibulu tokhala ndi maatomu ambiri osakhutira timafunitsitsa kumamatirana kuti khungu lichepe. Tikangopeza mpata timawundana, ndipo tikawundana makhalidwe aja amatha. Ndiye muona kuti pafupifupi chilichonse chimene chimalakwika mu nanochemistry, kuyambira mu botolo la mu labotale mpaka mu injini ya galimoto, chimabwerera pa kuwundana.

Kufiira kwa golide kuli ndi chifukwa china chapadera. Kuwala kumene maso athu amaona kuli ndi mafunde otalika pakati pa mananomita 400 ndi 700. Kambulu ka mananomita 13 n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi funde loterolo, choncho funde likamadutsa limagwedeza maelekitironi (tinthu tonyamula magetsi m'maatomu) onse a kambuluko pamodzi, uku ndi uku. Kugwedezekaku kumagwirizana kwambiri ndi kuwala kobiriwira kwa mananomita pafupifupi 520. Kobiriwirako kumamezedwa, diso n'kulandira kofiira kotsalako. Timibulu ta siliva timameza cha pa mananomita 400, n'chifukwa chake madzi ake amaoneka achikasu.

Anthu anayamba kuchita zimenezi asanadziwe chimene akuchita. Chikho cha galasi cha Aroma chotchedwa Lycurgus Cup, cha zaka za m'ma 300, chimene chili ku British Museum ku London, chimaoneka chobiriwira kuwala kukachimenya kutsogolo, koma chofiira kuwala kukachokera kumbuyo kwake. M'galasi lake muli timibulu ta siliva wosakanikira ndi golide ta mananomita pafupifupi 70. Mu 1857 Michael Faraday analongosola madzi ofiira a golide amene anapanga, n'kunena kuti mtunduwo ukuchokera ku golide wogawikana kwambiri, ngakhale analibe chida choonera timibuluto. Madzi akewo akusungidwabe ku Royal Institution, ndipo akadali ofiira. Chida chotha kuona atomu imodzi imodzi, scanning tunnelling microscope, chinabwera mu 1981 kuchokera kwa Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer ku labotale ya IBM ku Zurich. Kuchoka apo zinthu zinathamanga: kampira ka maatomu 60 a kaboni mu 1985, timachubu ta kaboni timene Sumio Iijima analongosola mu 1991, ndi graphene, nsalu ya kaboni yonenepa atomu imodzi, imene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anasenda pa graphite (mtima wakuda wa pensulo) ndi selotepi ku Manchester mu 2004.

Kupanga timibulu ta golide

Njira zilipo ziwiri. Mutha kuyamba ndi chinthu chachikulu n'kuchipera kapena kuchisema mpaka chichepe, monga amachitira popanga tchipisi ta makompyuta. Kapena mutha kuyamba ndi maatomu osungunuka m'madzi n'kuwalola kuti asonkhane, kenako n'kuwaimitsa akafika pa msinkhu umene mukufuna. Njira yachiwiriyi ndiyo ya akatswiri a kemisitile, ndipo chitsanzo chake chabwino ndi chimene John Turkevich ndi anzake anafalitsa mu 1951, chimene G. Frens anakonzanso mu 1973. Ndi ntchito ya mu labotale yokhala ndi zodzitetezera: magalasi a m'maso, magulovu ndi kabati yokoka mpweya.

Zofunika ndi ziwiri zokha. Choyamba ndi mchere wa golide, chloroauric acid: mamiligalamu 39 a mtundu wa trihydrate m'mamililita 100 a madzi oyeretsedwa kwambiri, zimene zimapereka mlingo wa 1 mM, kutanthauza milimolu imodzi pa lita. Madziwo amaoneka achikasu chotuwa. Mcherewu umayamwa chinyezi cha mumpweya msanga, ndiye muuyeze mwachangu n'kutseka botolo, ndipo musautape ndi supuni yachitsulo chifukwa umadya chitsulocho n'kudetsedwa. Gwiritsani yagalasi kapena yapulasitiki. Chachiwiri ndi trisodium citrate: magalamu 0.114 m'mamililita 10 a madzi.

Ikani madzi a golide mu botolo lagalasi pa chotenthetsera chokhala ndi maginito otakasira. Takasani mwamphamvu mpaka pakati pa madzi pachite kadzenje, ndipo dikirani abwate ndithu. Akabwata, thirani citrate yense kamodzi n'kamodzi. Tsopano yang'anitsitsani, chifukwa zimachitika mofulumira. Chikasu chija chimazimirira madzi n'kuyera mbee, kenako amachita phulusa, n'kuda ngati buluu wolowera ku pepo, ndipo pakatha mphindi zochepa amatseguka n'kukhala ofiira ngati vinyo, oonekera mkati. Asiyeni abwate mphindi 10, chotsani pamoto, pitirizani kutakasa mpaka azizire. Mukatero mwapeza timibulu ta mananomita pafupifupi 13, kalikonse kokhala ndi maatomu a golide pafupifupi 68,000.

Citrate akugwira ntchito ziwiri pamenepa. Amapereka maelekitironi kwa golide wosungunuka kuti asanduke maatomu a chitsulo. Kenako wotsalayo amakhala pakhungu la kambulu kalikonse n'kukapatsa chaji ya negetivu. Timibulu tonse tikakhala ndi chaji yofanana timakankhana, ngati mitu yofanana ya maginito, ndipo sititha kukhudzana. Chovala chochepachi ndicho chimene chikuletsa golide kuwundana n'kudikha pansi.

Mlingo wa citrate ndiwo umalamula msinkhu. Akachuluka, njere zoyambira zimabadwa zambiri nthawi imodzi, golide n'kugawikana pakati pa zonsezo, ndipo timibulu timatuluka tating'ono. Akachepa, njere zimabadwa zochepa, iliyonse n'kudya golide wambiri, timibulu n'kukula kufika mananomita 40, 60 kapena kuposa, ndipo mtundu umapendekera ku pepo. Timibulu tikakula choncho mwa njira imeneyi sitifanananso bwino, tina timatuluka tozungulira, tina ngati dzira. Amene akufuna tikulutikulu tofanana amayamba ndi tating'ono ngati mbewu n'kumawonjezera golide pang'onopang'ono.

N'chifukwa chakenso citrate amathiridwa kamodzi n'kamodzi m'madzi obwata. Cholinga n'chakuti njere zonse zibadwe m'kanthawi kamodzi, kenako zikulire limodzi. Mukathira modontheza, kapena madzi asanabwate, kapena kutakasa kuli kofooka, njere zina zimabadwa zinzake zitakula kale. Mathero ake ndi chisakanizo cha misinkhu yosiyanasiyana ndi mtundu wa pepo wosawala.

Cholakwika chofala kuposa zonse ndi galasi lakuda. Kafumbi, mafuta a chala, sopo wosatsukuluzika kapena golide wotsalira wa ulendo wapita, chilichonse chimakhala pobadwira njere posafunika. Mukaona khoma la botolo lachita kanthu konyezimira ngati kalilole, dziwani kuti golide wamera pagalasi m'malo momera m'madzi. M'malabotale amatsuka galasi ndi maginito otakasira mu aqua regia, magawo atatu a hydrochloric acid ndi gawo limodzi la nitric acid. Asidi ameneyu ndi woopsa kwambiri: amakonzedwa wochepa, mu kabati yokoka mpweya, sakumana ndi mankhwala monga acetone, ndipo satsekeredwa mu botolo chifukwa amatulutsa mpweya umene ungaliphulitse. Madzi a pampopi nawo sagwira ntchitoyi, chifukwa mchere wa calcium ndi magnesium umene uli m'menemo umaphimba chaji ija. Ndipo madzi akaphwera kwambiri pobwata, mlingo wa zonse umakwera. Ikani chobwezera nthunzi pakamwa pa botolo kapena bwezerani madzi otayikawo.

Pali kuyesa kuwiri kosavuta kumene kumaonetsa zonsezi ndi maso. Walitsani katochi kofiira ka laser kolozera kudutsa mu botolo m'chipinda chamdima: m'madzi a golide mudzaona njira ya kuwalako ngati ulusi, pamene m'madzi oyera simuoneka kanthu. Timibulu tikumwaza kuwala. Kenako gawani madzi ofiirawo m'timachubu tiwiri. M'kamodzi donthezani madzi a shuga: sipasintha kanthu, chifukwa shuga alibe chaji. M'kenako donthezani madzi a mchere wa m'ndiwo, sodium chloride. M'masekondi ochepa kufiira kumasanduka buluu wotuwa, ndipo mukasiya usiku wonse mupeza nsenga zakuda pansi, madzi atayera pamwamba. Mchere waphimba chaji, timibulu tayandikirana, tamamatirana, ndipo kugwedezeka kwa maelekitironi kwasamukira ku mafunde aatali opitirira mananomita 600. Zikafika apa sizibwereranso, ngakhale mukhutchumule bwanji. Pa chifukwa chomwechi madzi a golide amasungidwa mu furiji pa madigiri 4, mu botolo losalowa kuwala, koma osati mu furiza. Madzi akaundana amakankhira timibulu tonse pamalo amodzi, ndipo mukasungunula mupeza tawundana kale.

Diso limathandiza, koma poyeza zenizeni pamafunika zida. Makina a UV-Vis amaonetsa pamene kuwala kukumezedwa kwambiri: pa chithunzi chimene amajambula, nsonga yopyapyala pa mananomita 520 ndi chizindikiro chabwino, nsonga yotakata kapena yachiwiri cha ku 650 ndi chizindikiro cha kuwundana. Maikolosikopu ya maelekitironi, TEM, imaonetsa kambulu kalikonse ndi maonekedwe ake. Makina a DLS amayeza msinkhu wa timibulu tili m'madzi, ndipo nambala yake imakhala yokulirapo kuposa ya TEM chifukwa amawerengera chovala ndi madzi omatirira. Komanso timibulu tikulutikulu tochepa chabe timakokera nambalayo m'mwamba, choncho musaikhulupirire yokha. Chaji ya pakhungu, zeta potential, ikapitirira mamilivoti 30 ku negetivu kapena ku pozitivu, kawirikawiri madziwo akhalitsa.

Kumene mumakumana nato

Tibwerere ku kamzere kofiira kaja. M'kati mwa kapulasitiki koyezera muli kalamba kokhala ndi zigawo zolumikizana. Pali kathonje kolandira dontho la magazi kapena mkodzo. Kutsogolo kwake kuli kathonje kena kosunga timibulu touma ta golide, kawirikawiri ta mananomita 20 mpaka 40, kalikonse kovekedwa ma antibody, mapuloteni ogwira chinthu chimene chikufufuzidwa, monga puloteni ya HRP2 ya tizilombo ta malungo kapena homoni ya hCG ya mimba. Kenako pali pepala la nitrocellulose lokhala ndi mizere iwiri yosaoneka. Madzi akamayenda amadzutsa golide n'kumutenga. Ngati chofufuzidwacho chilipo, chimagwidwa ndi golide mbali imodzi, n'kugwidwanso ndi ma antibody a pamzere woyamba mbali inayo, ndipo timibulu timaunjikana pamenepo mpaka diso litaona kufiira. Mzere wachiwiri umagwira golide kaya matenda alipo kaya palibe. Umenewu ukapanda kutuluka, madzi sanayende bwino, ndipo zotsatirazo n'zosawerengedwa.

Mukamvetsa zimenezi, malangizo a pa paketi amamveka okha. Magazi akachuluka amadetsa pepala n'kubisa mzere wofooka. Madontho a buffer, madzi apadera obwera ndi paketi, akachepa, golide safika kumapeto; mukaika madzi wamba m'malo mwa buffer, asidi ndi mchere wake sizigwirizana ndi ma antibody, ndipo mzere wabodza ungatuluke. Paketi ikakhala potentha kwambiri kapena ikatsegulidwa kale n'kulowa chinyezi, ma antibody amawonongeka ndipo golide amakakamira pa kathonje. Kuwerenga nthawi yolembedwa itapitirira, imene pa zambiri zoyezera malungo imakhala mphindi 15 mpaka 20, n'kolakwikanso, chifukwa pepala likamauma golide wotsala amatha kusiya kamthunzi pamzere.

Mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi chitsanzo china chapafupi. Zinc oxide ndi titanium dioxide zimatchinga kuwala kwa UV, kuwala kosaoneka kwa dzuwa kumene kumapsereza khungu, koma zikakhala timibulu ta mananomita 200 kapena kuposa zimamwazanso kuwala kooneka, nkhope n'kuyera ngati mwaipaka laimu. Zikachepetsedwa kufika pansi pa mananomita 100 zimamezabe UV koma kuwala kooneka kumadutsa. Pali malire ake: titanium dioxide akachepa kwambiri amateteza bwino ku UVB (UV ya mafunde aafupi) koma amafooka ku UVA (ya mafunde aatali), n'chifukwa chake opanga ambiri amamuphatikiza ndi zinc oxide. Komanso titanium dioxide akamenyedwa ndi dzuwa amatulutsa tinthu tolusa timene timaphwanya mamolekyu oyandikana nato, ndiye timibulu ta m'mafutawa timakutidwa ndi silika kapena alumina. Malamulo a European Union amalola mpaka magawo 25 pa 100, amalamula kuti liwu loti nano lilembedwe pambali pa dzina la chinthucho, ndipo salola timibuluti m'zopopera zimene munthu angapumire m'mapapo. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti pa khungu labwinobwino timibuluti timatsalira pa chigawo chakunja cha maselo akufa.

Ukali womwewo wa titanium dioxide, umene amaubisa m'mafuta odzola, amaufuna dala pa magalasi a mawindo odzitsuka okha, monga Pilkington Activ amene anatuluka mu 2001. Chophimba chake n'chopyapyala, mananomita makumi ochepa chabe. Dzuwa likawomba chimaphwanya litsiro la mafuta, ndipo mvula ikagwa madzi amayala ngati nsalu m'malo mochita madontho, n'kutsetsereka ndi litsirolo. Galasi lotere likaikidwa pamthunzi pomwe mvula sifika silichita zimenezi, ndipo silikoni womatira mafelemu akalipaka amalipha mphamvu.

Tayala la galimoto ndi lakuda chifukwa cha carbon black, mwaye wopangidwa mwadala wa timibulu ta mananomita makumi angapo, umene umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa tayala. Ulusi wa labala umamatirira pakhungu la timibuluto, ndipo tayala limalimba n'kuchedwa kuperepeseka kuwirikiza kangapo. Ntchito imeneyi inayamba zaka zoposa 100 zapitazo, liwu loti nano lisanatchuke. Kuyambira m'ma 1990 opanga anayamba kusakanizamo silika, amene amachepetsa mafuta amene galimoto imamwa komanso amathandiza tayala kugwira msewu wonyowa. Silika sagwirizana ndi labala mwachibadwa, ndiye amamuveka mankhwala a silane kuti akhale mlatho; popanda iwo silika amawundana yekhayekha m'kati mwa labala.

Pansi pa galimoto yomweyo, pa paipi ya utsi, pali catalytic converter, chipangizo chochepetsa poizoni wa mu utsiwo. M'kati mwake muli chisa cha dongo lowotcha chokhala ndi timabowo tambirimbiri, chopakidwa alumina, ndipo pa aluminayo pamwazidwa magalamu ochepa chabe a platinum, palladium ndi rhodium ngati timibulu ta mananomita ochepa. Magalamu ochepawo amakwanira chifukwa gawo lalikulu la chitsulocho lili pakhungu. Zimene zimapha chipangizochi ndi zinthu ziwiri. Mtovu, umene kale unkaikidwa mu petulo, kapena phosphorus wa mu oyilo amene injini yotha ikuwotcha, amakuta khungu lija. Ndipo injini ikamaphonya moto, petulo wosapsa amakapsera mu chisamo, kutentha n'kukwera kwambiri, timibulu n'kuyenda n'kuphatikana kukhala tikulutikulu. Chitsulo chilipobe chonse, koma khungu lachepa. Mapulagi otha amene anyalanyazidwa amatha kuwononga chipangizo chodula kwambiri mwa njira imeneyi.

Pa zamankhwala, katemera wa COVID-19 wa mRNA, uthenga wouza selo puloteni yoti lipange, amanyamulidwa ndi timipira ta mafuta ta mananomita pafupifupi 80 mpaka 100. Timapangidwa ndi mafuta a mitundu inayi: oyamba amagwira mRNA n'kuimasula ikalowa mu selo, cholesterol ndi phospholipid amalimbitsa khoma, ndipo omaliza, okhala ndi mchira wa PEG (molekyu yaitali yokonda madzi), amaletsa timipira kumamatirana. N'chifukwa chake botolo la katemera wotere amalitembenuza pang'onopang'ono osalikhutchumula, ndipo likasungunuka salibwezeranso mu furiza. Luso limeneli silinayambe ndi mliriwo. Doxil, mankhwala a khansa a doxorubicin otsekeredwa m'timipira ta mafuta, anavomerezedwa ku United States mu 1995, ndipo kutsekerako kumachepetsa kuvulala kwa mtima kumene mankhwalawo amabweretsa akakhala osavala.

Mawailesi a kanema olembedwa QLED ali ndi timibulu totchedwa quantum dots, ta mananomita awiri mpaka 10. Pa msinkhu umenewu elekitironi imapanikizika ngati chinthu chotsekeredwa m'kachipinda, ndipo kachipindako kakachepa mphamvu ya kuwala kotuluka imakwera. Cadmium selenide yemweyo amawala buluu akakhala wa mananomita pafupifupi awiri, kobiriwira pa atatu, kofiira cha pa asanu ndi limodzi. Kusiyana kwa nanomita imodzi kumasintha mtundu, choncho njira imene Moungi Bawendi ndi anzake anapeza mu 1993, yobaya mankhwala mwadzidzidzi m'madzi amafuta otentha cha pa madigiri 300 kuti njere zonse zibadwe nthawi imodzi, ndi imene inatsegula msika. Nzeru yake ndi yomwe ija ya citrate wothiridwa kamodzi n'kamodzi. Bawendi, Louis Brus ndi Alexei Ekimov analandira mphotho ya Nobel mu 2023. Poti cadmium ndi poizoni, opanga ambiri anasamukira ku indium phosphide.

Pa siliva ndiye pamafunika kunena mosapita m'mbali. Timibulu ta siliva timatulutsa pang'onopang'ono ma ayoni ophera mabakiteriya, ndipo zimenezi zimathandiza pa mabandeji a zilonda za moto ndi pa zosefera madzi zadongo. Koma madzi a siliva ogulitsidwa kuti anthu azimwa ngati mankhwala alibe umboni woti amachiza nthenda iliyonse, ndipo kuwamwa nthawi yaitali kumabweretsa argyria, khungu n'kusanduka lotuwa ngati phulusa mopendekera ku buluu mpaka kalekale. Masokosi ndi malaya okhala ndi siliva nawo amataya siliva wake pochapa, ena atangochapidwa maulendo ochepa, ndipo siliva ameneyo amathera m'madzi otayidwa.

Pogwira timibuluti

Ngozi imadalira kwambiri mmene timibulu tilili. Tikakhala tomangika m'labala, m'galasi kapena m'penti youma, mpata woti tilowe m'thupi ndi wochepa mpaka wina atayamba kupala kapena kudula. Tikakhala m'madzi, magulovu ndi magalasi a m'maso amakwanira pa ntchito zambiri, bola osapopera. Ufa wouma ndiye woopsa, chifukwa suoneka ukamauluka, umakhalitsa mumpweya, ndipo umafika pansi penipeni pa mapapo pamene thupi limavutika kuuchotsa. Bungwe la NIOSH la ku United States, loona za chitetezo cha anthu pa ntchito, limalangiza kuti titanium dioxide wamba asapitirire mamiligalamu 2.4 pa kiyubiki mita ya mpweya wa pamalo a ntchito, koma wa timibulu ta nano asapitirire 0.3, ngakhale chinthucho n'chimodzi. Pa timachubu ta kaboni malire ake ndi maikulogalamu imodzi yokha. Timachubu tina tatitali ndi tolimba timachita ngati asibesito m'mapapo a nyama zoyeserera, ndipo mu 2014 bungwe la IARC, lofufuza za khansa, linaika mtundu umodzi, MWCNT-7, m'gulu la zinthu zimene zingathe kuyambitsa khansa.

Choncho ngati n'kotheka gulani timibulu tili kale m'madzi. Ngati ufa sungapeweke, uyezereni mu kabati yotsekeka yokhala ndi sefa ya HEPA yogwira fumbi lochepetsetsa, mpweya ukukokedwa pang'onopang'ono kuti usauluze ufawo, ndipo valani chophimba mphuno cha mlingo wa FFP3 kapena P100 chokhala bwino pankhope. Kansalu wamba kamalowetsa mpweya m'mbali. Ufa ukatayika musasese ndi tsache kapena kuupemerera ndi mpweya wa kompulesa. Uphimbeni ndi nsalu yonyowa, pukutani kuchokera m'mphepete kulowera pakati, ikani nsaluyo m'thumba la pulasitiki isanaume, limateni, liikeni m'thumba lachiwiri, n'kulembapo dzina la chinthucho ndi msinkhu wa timibulu take. Ufa wa zitsulo monga aluminiyamu ndi ayironi pa msinkhu umenewu umatha kuyaka wokha ukakumana ndi mpweya, ndiye umasungidwa m'mafuta kapena mu mpweya wa argon, ndipo moto wake suthiridwa madzi. Umazimitsidwa ndi mchenga wouma kapena chozimitsira cha gulu D, cha moto wa zitsulo. Madzi otsala a golide, siliva kapena cadmium sathiridwa mu sinki. Asonkhanitseni mu botolo lakelake lolembedwa bwino. A golide mutha kuwathira mchere dala kuti awundane, nsenga zikadikha n'kuzisefa, popeza golide ameneyo amatha kusungunulidwanso n'kubwerera pa ntchito.